Funso: Bambo akufuna kukwera Ilala kuti akacheze ndi anthu, tigule tikiti iti?

Nangozo wa pa Lizulu
Moni a pagulu. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za panyanja. Bambo anga anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ali ndi zaka 68, ndipo akhala akuonera pafoni sitima zikuluzikulu zija zimanyamuka ku Durban n'kukazungulira m'mbali mwa Mozambique. Chowakopa si zakudya za m'menemo ayi. Akuti pa sitima munthu umakhala masiku angapo ndi anthu osawadziwa mpaka kumva mbiri zawo. Za ku Durban thumba lathu silingafike, ndiye pabanja tagwirizana zoti akwere Ilala, sitima ya pa nyanja ya Malawi, ine ndiwaperekeze. Tigule tikiti ya kalasi iti? Tikwerere kuti ndipo titsikire kuti, kuti akumane ndi anthu ochezeka osati kungokhala duu kuyang'ana madzi? Nanga ndi anthu otani amayenda m'menemo? Ali ndi BP ndipo bondo lakumanja limawavuta.

Malume a ku Golomoti
Anangozo, ndiyambe ndi tikiti chifukwa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ilala ndi yosanjikizana. Pansi, moyandikana ndi injini ndi katundu, ndi economy: mabenchi, matumba a chimanga, malata, simenti, nkhuku, usipa. Chapomwepo pali chipinda cha second class. Mukakwera masitepe mupeza ma cabin okhala ndi mabedi komanso chipinda chodyera. Pamwamba penipeni ndi pabwalo la first class, pomwe pali bala ndipo anthu amagona pamatiresi obwereka.

Chofunika kudziwa n'choti wa tikiti yapamwamba amatsika pansi mmene wafunira, koma wa tikiti yapansi saloledwa kukwera. Ndiye musathamangire economy poganiza kuti anthu ali kumeneko. Alikodi, koma madala akagona chokhala pa benchi, fungo la dizilo lili m'mphuno, tsiku lachiwiri sadzafunanso kuyankhula ndi munthu. Agulireni cabin, inu mutenge first class ya pabwalo. Masana azitsika kukacheza, akatopa azikwera kukagona. Ma cabin ndi ochepa, sungitsani malo masabata awiri kapena atatu ulendo usanafike.

Mwa chizolowezi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa, imafika ku Chilumba Lamulungu, n'kudzabwereranso ku Monkey Bay Lachitatu. Nyamukani Lachinayi: pa Masasa mutsike Khwekhwelere mpaka Golomoti, kenako msewu wa Monkey Bay, mukagone komweko. Koma imbani kaye ku ofesi ya sitima sabata yomweyo. Ilala ndi yakale, inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Nthawi zina amaiimitsa kuti aikonze, munthu n'kukapeza padoko pali zii.

Wa pa Mtakataka
Malume anena zoona pa za cabin, koma pa za kutsika ndionjezepo chifukwa cha bondolo. Ku Monkey Bay ndi Chilumba sitima imakocheza pa jeti, munthu amangoyenda n'kulowa. Malo ngati Nkhotakota, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe imaponya nangula patali ndi gombe, anthu n'kumatsikira m'maboti kudzera pa kamakwerero. Botilo limakwera ndi kutsika ndi mafunde, kumbuyo anthu akukankha, ndipo pofika kumtunda nthawi zambiri mumaponda m'madzi. Wodwala bondo asayesere, makamaka usiku. Za ku Likoma ndi Nkhata Bay funsani pogula tikiti ngati ikukocheza pa jeti kapena mutsika ndi boti.

China ndi nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumakhala mwera, mphepo yochokera kumwera. Mwera ukakula pakati pa Nkhotakota ndi Likoma anthu amangogona n'kumasanza, macheza palibe. Sankhani nthawi yoti mwera wazizira koma mvula isanayambe, chakumapeto kwa Sepitembala kapena Okutobala. Kumatentha, makamaka kwa munthu wozolowera kuzizira kwa pa Lizulu, koma anthu amakhala panja mpaka usiku ndipo nkhani zimayenda.

Nyamanda, kwathu ku Nkhata Bay, ndikukhala pa Dedza boma
Achemwali, mwafunsa za anthu, ndiye mvetserani. Sitima imasintha anthu pa doko lililonse. Pochoka ku Monkey Bay imakhala yopepuka, mumakhala amalonda ochepa, ogwira ntchito m'boma obwerera ku zilumba ndi alendo akunja. Macheza enieni amayamba pa Nkhotakota, ndipo amafika pachimake pakati pa Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay. Amene watsikira pa Nkhotakota sanaione Ilala.

Oyamba kuwafunafuna ndi amayi ogula usipa. Amakhala pansi pafupi ndi katundu wawo, sachokapo, ndiye nthawi yocheza ali nayo yambiri. Musayambe ndi kufunsa kuti amapindula zingati, ameneyo amakuonani ngati wa msonkho. Funsani kusiyana kwa usipa wowuma padzuwa, wofutsa ndi wokazinga, ndi uti umachedwa kuwonongeka m'dzinja. Akayamba kufotokoza, muwafunse chifukwa chake mtengo umakwera mwezi ukawala. Yankho lake ndi loti usipa amaukopa ndi nyali usiku, ndiye mwezi ukawala nsomba sizisonkhana pa nyali, asodzi amapha zochepa. Mukapeza bambo amene anakhalapo siginala, uja amakhala m'bwato la nyali n'kumauza anzake nthawi yoponya ukonde wa chilimira, madala asamusiye. Anthu amenewa amadziwa mphepo, nyenyezi ndi malo a pansi pa madzi ngati mmene mlimi wa ku Tsangano amadziwira munda wake.

Achiwiri ndi akuluakulu a ku Likoma: ansembe ndi akatekisiti a Anglican, aphunzitsi opuma, amayi a Mothers' Union. Chilumbachi chili m'madzi a Mozambique ngakhale ndi cha Malawi, ndipo sukulu zinafikako kale kwambiri ndi amishoni a Anglican a bungwe la UMCA. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's chinayamba kumangidwa mu 1903. Mphunzitsi mnzawo akangofunsa kuti miyala ndi matabwa zinafika bwanji pachilumba, ayankhidwa mpaka tiyi kuzizira. Afunsenso za malipenga, gule wa abambo ovala zoyera, oimba ndi zipanda. Iwo afotokozeko za ngoma ya kwa Gomani, chifukwa macheza a m'sitima ndi obwezerana. Wongofunsa osapereka zake amatopetsa.

Chichewa chimamveka paliponse m'sitima, koma moni wa m'chiyankhulo cha mwini umamasula nkhope. Kwa Atonga: "Mwe uli?" ayankha "Nde umampha." Kwa Atumbuka: "Muli uli?" ayankha "Nili makora," ndipo zikomo ndi "yewo." Kwa Ayao: "Ali uli?" ayankha "Ndili chenene." Alembe pakapepala.

Ndipo popeza mukuchokera pa Lizulu, tengani kathumba ka kachewere, makilogalamu asanu akwana, ndi makabichi awiri kapena atatu. Ku zilumba nthaka ndi yamiyala ndi mchenga, anthu amadalira chinangwa, ndiye zamasamba zakumtunda n'zosowa. Osagulitsa ayi. Mukacheza bwino ndi munthu, mupatseni pang'ono potsika. Akakupatsani kondowole musakane. Tsinani tizidutswa ting'onoting'ono, muviike mu msuzi, mumeze osatafuna kwambiri poti imamata m'kamwa.

Mphunzitsi wa pa Bembeke
Kwa munthu wokonda mbiri ya dziko, gawo la Nkhata Bay ndiye lolemera. Pa 3 Malichi 1959 anthu anaomberedwa pafupi ndi doko lomwelo pamene ankafuna kuti anzawo omangidwa, amene anaikidwa mu sitima ya Mpasa, amasulidwe. N'chifukwa chake mwambo wa tsiku la Martyrs umachitikira kumeneko. Agogo ena okwera pa Nkhata Bay kapena Usisya anali ana pa nthawiyo, ena anataya abale. Nkhani imeneyi musaiyambe ndinu ngati mafunso a mayeso. Yambani ndi kufunsa kwawo ndi mfunda wawo, iwo akaitchula okha, mvetserani, ndipo foni ikhale m'thumba.

Nkhani ina yomwe akuluakulu a kumeneko amaikonda ndi ya maulendo a ku Joni ndi ku Harare. Atonga anayamba kale kupita kunja kukagwira ntchito. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, kwawo kunali ku Chifira m'boma lomwelo. Ku Ntcheu ndi Dedza nakonso anthu ambiri anapita ku migodi ndi Wenela, ndiye apa madala apeza poyambira mosavuta.

Musaiwale ogwira ntchito m'sitima. Ambiri anaphunzira pa sukulu ya za sitima ku Monkey Bay, ndipo ena akhala pa Ilala zaka zambiri. Nthawi yowayankhula ndi pakati pa ulendo, sitima ikuyenda pamalo otakasuka. Pamene akuponya nangula, kutsitsa maboti kapena kukweza katundu, asiyeni, apo munthu akalakwitsa wina amavulala. Mukafuna kuona chipinda cha kaputeni pemphani kudzera kwa wogwira ntchito wa ku ma cabin, osangolowa. Afunseni za nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'madzi n'kumaoneka ngati utsi patali, anthu a m'mbali mwa nyanja amatigwira n'kupanga ndiwo. Afunseninso pamene nyanja yazama kwambiri, poti chakumpoto kwa Nkhata Bay imafika pafupifupi mamita 700. Za Viphya, sitima ija inamira mu 1946, musafunse mafunde ali pakati. Anthu a panyanja sakonda kuitchula nthawi yotero.

Malume a ku Golomoti
Aphunzitsi aiwala alendo akunja, amene amadzaza pabwalo la pamwamba. Ena ndi ongoyenda ndi zikwama kumsana, ena ndi ofufuza za nsomba za mbuna, ena ndi madokotala ndi anamwino opita ku zipatala za mishoni. Ambiri amafuna kucheza ndi Mmalawi koma amaopa kuti mapeto ake apemphedwa ndalama kapena kugulitsidwa ziboliboli. Madala akangonena poyamba kuti ndi mphunzitsi wopuma ndipo akuyenda ulendo wosangalala ngati iwo, mantha amatha. Tengani bawo yaing'ono yopinda ija. Mukaitsegula pabwalo, pasanathe nthawi pazungulira anthu, akunja ofuna kuphunzira ndi akwathu ofuna kuwonetsa ukatswiri. Njere zake zikhale zochuluka kuposa zofunika chifukwa sitima ikapendama zimagubuduka.

Namwino, Ntcheu
Mayi, za thanzi. Mankhwala a BP atenge okwanira ulendo wonse ndi masiku ena anayi kapena asanu apadera, chifukwa sitima imachedwa. Akhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'chikwama chachikulu. Akayezetse BP sabata yonyamukira.

Mankhwala oletsa chizungulire ndi kusanza alipo m'ma pharmacy, monga promethazine ndi cinnarizine. Amamwa ola limodzi kapena awiri sitima isananyamuke, osati kusanza kutayamba. Vuto lake amagonetsa, ndipo kwa achikulire amatha kubweretsa chizumbazumba poimirira, zomwe n'zoopsa pa masitepe oterera. Uzani wogulitsa mankhwala zaka zawo ndi mankhwala ena onse amene akumwa asanakupatseni. Osaphatikiza ndi mowa. Mseru ukayamba akhale chapakati pa sitima pomwe sipagwedezeka kwambiri, pamphepo, maso ali patali pomwe madzi athera. Kudzitsekera mu cabin n'kumawerenga kumawonjezera.

Madzi akumwa tengani anu, malita awiri pa munthu pa tsiku. Usipa wowuma uli ndi mchere wambiri nthawi zina, alawe koma asachulutse. Potsika masitepe azitsika chafutambuyo, nkhope kuyang'ana masitepewo, manja onse pa chitsulo, mwendo wodwala patsogolo. Nsapato zikhale zomanga, osati patapata. Mukangolowa funsani pomwe pali majekete oyandamitsa.

Wa pa Mtakataka
Pa zolakwika zomwe zimabwera ndi macheza omwewo. Munthu wocheza naye bwino akakupemphani kuti mumunyamulire kaphukusi kokapereka kwa m'bale wake ku doko lina, kanani mwaulemu. Simukudziwa zili m'katimo, ndipo apolisi akapeza chamba amagwira amene wanyamula. Kuba kumachitika sitima ikaima usiku, pamene anthu akukwera ndi kutsika mopanikizana, ndiye nthawi imeneyo mmodzi akhale ndi katundu, cabin ikhale yokhoma. Mnzanu watsopano akati tiyeni kumtunda mukaone kwathu, funsani kaye ogwira ntchito kuti sitima inyamuka nthawi yanji, ndipo mubwerere nthawiyo isanakwane. Imanyamuka katundu akatha, huta ikalira sidikira munthu. Musajambule amayi ndi katundu wawo musanapemphe. Nkhani za zipani ndi za malire a nyanja ndi Tanzania zisiyeni, makamaka pa bala. Ndalama tengani zapamanja zosinthasintha, chifukwa netiweki imasowa m'malo ena ndipo simungadalire kulipira pafoni.

Nangozo wa pa Lizulu
Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse. Ndiye tipite mpaka ku Chilumba n'kubwerera nayo, kapena titsikire panjira? Ndikuopa kuwatopetsa.

Nyamanda
Achemwali, kwa ulendo woyamba tsikirani pa Nkhata Bay. Pofika apo mwagona m'sitima, mwadutsa Nkhotakota, Likoma ndi Chizumulu, koma funsani kaye ngati mutsika pa jeti kapena ndi boti. Sungitsiranitu malo ogona pafupi ndi doko chifukwa sitima imatha kufika usiku kwambiri. Mupumeko tsiku limodzi, madala akaone chipilala cha omwe anaphedwa mu 1959. Akakhala kuti akadali ndi mphamvu, gawo la Usisya ndi Ruarwe ndi lokongola, mapiri amatsikira m'madzi momwe, ndipo sitima imadzadutsanso pa Nkhata Bay pobwerera Lolemba, ndiye mutha kuwonjezera tikiti pomwepo. Akatopa, bwererani pa msewu: basi ya M5 kudzera Dwangwa, Nkhotakota ndi Salima, mutsike pa Golomoti, mukwere Khwekhwelere kukatulukira pa Masasa. Nyamukani m'mamawa kuti phirilo mulikwere kusanade, ndipo apezereni mpando wakutsogolo woti atambasule mwendo.