Ndani angandiphunzitse gitala ya zala ziwiri ya ku Chileka?

Moni nonse abale ndi alongo oimba, makamaka inu akuluakulu.

Ndimaimba gitala mu bandi ya rege kuno ku Ndirande, ndipo Lamlungu ndimathandiza kwaya ya kutchalitchi. Mtima wanga tsopano wagwidwa ndi kaimbidwe ka malemu Daniel Kachamba, komwe chala chachikulu chimayendetsa bezi pamene chala cholozera chikuimba nyimbo pa nsambo zing'onozing'ono. Munthu mmodzi, koma ukamamva ngati oimba atatu. Nyimbo zimenezi ndimazimva mpaka m'mafupa.

Vuto langa ndi ili: ndikangoyamba nyimbo ndi chala cholozera, chala chachikulu chimaima. Dzanja linazolowera kukhwapula kwa rege.

Ndayesa kuonera mavidiyo pa YouTube ndikuwachedwetsa, koma zala sizioneka bwino. Ndafunsa oimba anzanga awiri, onse amadziwa za kiyibodi basi. Gitala yanga ndi Yamaha C40, ya nsambo za nayiloni.

Kodi ndisinthe ndiike nsambo zachitsulo pa gitala ina? Nanga nsambo amazichuna mwanjira yanthawi zonse? Ngati alipo mkulu wodziwa kaimbidwe kameneka ku Chileka kapena kuno ku Blantyre, chonde ndilozereni. Ndili wokonzeka kumapita Loweruka lililonse ndi kulipira.