Kodi njinga zamoto ndi galimoto tingaziteteze bwanji kwa akuba kuno ku Mangochi?

Mwini njinga, M'baluku:

Abale anga, ndikupempha nzeru kwa inu amene muli ndi galimoto kapena njinga zamoto m'boma lathu lino. Mwezi watha mnyamata amene amandiyendetsera kabaza ananyamula munthu madzulo pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Munthuyo ananena kuti akuthamangira matenda cha ku msewu wa ku Namwera, ndipo analonjeza kulipira kuwirikiza kawiri mtengo wa masiku onse. Atafika pamalo popanda nyumba anapempha kuti aime pang'ono akadzithandize, ndipo nthawi yomweyo kutchire kunatuluka anthu awiri amene anammenya mnyamatayo, kummanga manja ndi lamba wa pakaliyala, n'kuthawa ndi njinga. Moyo wake unapulumuka, koma mpaka lero dzanja lake lamanja silikugwira bwino.

Kale tinkaopa wakuba wothyola loko pakhonde usiku, ndiye tinkalowetsa njinga m'nyumba n'kugona mtima uli pansi, koma tsopano wakuba akubwera ngati kasitomala. Nditapita kupolisi anandifunsa nambala ya chasisi ndi ya injini, ndipo ine ndinali ndi lisiti lolembedwa pamanja lokha, chifukwa njingayo ndinali ndisanailembetse. Kodi zoterezi mukuzionanso kwanu? Nanga ndi njira ziti zimene zakuthandizanidi, poti ndatsala ndi njinga imodzi imene ikudyetsa banja langa?

Makaniko wa pa boma:

Pepani kwambiri bambo, ndipo mnyamatayo Mulungu amchiritse. Ndikuuzani zimene timaona ife okhala ndi sipanala m'manja. Njinga yobedwa kawirikawiri siikhala yathunthu nthawi yaitali, chifukwa munthu wodziwa ntchito amaiphwasula m'maola ochepa, kenako thanki, matayala, injini ndi kabyuleta zimagulitsidwa padera. Imene aisiya yathunthu amaipala nambala ya chasisi ndi kukhomapo ina. Mukayendetsa chala pamalo pamene pali nambalayo, pakhosi la njinga pansi pa mahandulo, n'kumva kuti chitsulo chalowa m'kati kapena penti yake ndi yosiyana ndi ya pena ponse, dziwani kuti padutsa galainda. Ine njinga yotere sindiikonza, ngakhale mwini wake akwiye.

Tsono vuto lalikulu ndi limene mwalitchula nokha. Njinga zambiri za kabaza zikuyenda zopanda nambala, ndipo apolisi akapeza njinga khumi zofanana mtundu ndi maonekedwe, alibe njira yodziwira kuti yanu ndi iti ngati inuyo mulibe pepala. Kulembetsa ku ofesi ya Road Traffic kumafuna ndalama, zimenezo sindikukana, koma blue book, chikalata chosonyeza kuti njingayo ndi yanu, ndi imene imakuimirani pa tsiku la mavuto. Pamene mukusonkhanitsa ndalamazo, lero lomwe jambulani nambala ya chasisi ndi ya injini pafoni, muzilembenso m'kope limene limakhala kunyumba, ndipo muike chizindikiro chanu pamalo obisika, monga kunsi kwa mpando.

Chinthu china chotsika mtengo ndi switchi yobisika imene imadula moto wopita ku pulagi. Tracker nayo ndi yabwino chifukwa imaonetsa pafoni pamene njinga ili, koma imadalira netiweki ndi batire, ndiponso wakuba wozolowera amayamba waifunafuna, choncho isaikidwe pamalo amene aliyense angawaganizire. Eni galimoto, makamaka ma Sienta ndi ma Probox amene amanyamula anthu, ndikuwachenjeza za makiyi. Musasiye kiyi kwa aliyense amene mwangompeza potsukira galimoto, chifukwa kudula kiyi wina sikutenga nthawi, ndipo chitsulo chokhoma chiwongolero, ngakhale chikuoneka chachikale, chimachedwetsa wakuba mpaka kumgwetsa ulesi.

Mayi wa ku Namwera:

Bambo, ife amene tili kufupi ndi malire nkhani imeneyi imatiwawa mwapadera. Kuchokera kuno kukafika pa Chiponde si patali, ndipo kutsidya kwake ndi Mandimba ku Mozambique. Pachipata penipeni pali apolisi ndi a bungwe lotolera msonkho la MRA amene amafunsa mapepala, koma malirewo ndi aatali, ndipo pali tinjira tambiri ta m'minda timene galimoto singadutse koma njinga yamoto imadutsa bwinobwino, ngakhale cha ku Katuli ndi ku Makanjira. Chifukwa cha ichi, ola loyamba ndi lofunika kuposa sabata yonse yotsatira. Anthu ambiri amayamba afufuza okha, kufunsa achibale, n'kupita kupolisi mawa lake, pamene njinga yagona kale dziko lina. Imbani foni kupolisi nthawi yomweyo, dziwitsani a chitetezo cha m'mudzi ndi mafumu a m'njira imene akubawo alowera, ndipo tumizani chithunzi cha njinga m'magulu a WhatsApp.

Koma ndinenenso mawu amene ena sawakonda. Akuba sakanalimbikira pakanapanda ogula, ndipo ogulawo ndife tomwe, amene timasangalala munthu akatibweretsera njinga yatsopano pa theka la mtengo wake popanda pepala lililonse. Mchimwene wanga anagula yotere, patapita miyezi inapezeka kuti inali yobedwa, ndipo anataya njinga ndi ndalama zomwe, kuwonjezera pa masiku amene anakhala akuyankha mafunso. Kulandira katundu wobedwa ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Chimodzimodzinso kupha kapena kutentha munthu woganiziridwa kuti waba ndi mlandu, ndipo kumatseka pakamwa pa munthu yekhayo amene akanaulula anzake ndi kumene amagulitsa.

Wa kabaza, Monkey Bay:

Akuluakulu, ndiloleni ndiyankhule m'malo mwa ife amene timakhala pampando. Pa siteji yathu tinagwirizana kuti kukada palibe wonyamula munthu wosadziwika ulendo wa kutali ali yekha. Ngati ulendowo ndi wofunikadi zimapita njinga ziwiri, ndipo asananyamuke amamjambula kasitomala pamaso pa anzake. Munthu wabwino savuta, koma taona ena akukana chithunzi n'kuchoka osatsanzika. Tinagwirizananso kuti kasitomala akapempha kuima patchire, timapitirira mpaka pamene pali nyumba kapena golosale.

Komabe bambo a ku M'baluku, ndikupempheni ndi ulemu kuti muganizire za ndalama ya tsiku imene eni njinga mumatilamula. Mafuta akakwera mtengo kapena akasowa, tsiku limatha ndalamayo isanakwane, ndipo mnyamata amavomera ulendo wa usiku umene mtima wake ukukana chifukwa akuopa kulandidwa njinga mawa. Loko ndi tracker sizingamthandize pamenepo. Muuzeni momveka bwino nthawi yoweruka, ndiponso kuti achifwamba akamzinga asiye njinga osalimbana nawo, ndipo simudzamlipiritsa.

Mwini njinga, M'baluku:

Zikomo nonse. Achimwene a ku Monkey Bay, mawu anu andilasa, chifukwa tsiku limenelo mnyamata wanga anali asanakwanitse ndalama ya tsiku, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake anavomera ulendowo. Ndakambirana ndi amene akuyendetsa njinga yotsalayo kuti aziweruka 6 koloko madzulo, ndipo tsiku likavuta tizigawana zimene zapezeka. Nambala zonse ziwiri ndazijambula m'mawa uno, ndipo za kulembetsa ndiyamba kumapeto kwa mwezi. A makaniko, ndikufuna kudzaika switchi ija, tsono mundiuze ngati ndibwere ndi waya ndi switchi yanga kapena zonse zimapezeka pagalaja panu.