Sola ya makolo: tigule zambiri zazing'ono kapena zochepa zolimba?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse? Paja tinagwirizana kuti ndalama za m'thumba la chitukuko chaka chino zipite ku sola ya m'nyumba za makolo athu okalamba. Chatsala n'kusankha: timasola ting'onoting'ono kuti nyumba zambiri zilandire, kapena zazikulu m'nyumba zochepa. Lankhulani, koma mwaulemu chonde.

Aphunzitsi Opuma: Ine ndilibe zambiri. Nkhalamba ikufuna kuwala usiku ndi potchajira foni, basi. Tigule tating'ono, aliyense alandire. Mukapatsa nyumba zisanu n'kusiya makumi awiri, mwabzala udani umene sitidzatha kuuzula.

Msungichuma: Zaudanizo n'zoona aphunzitsi, koma ine amene ndimasunga buku mantha anga ali pena. Mapanelo sakundiopsa. Mtengo wake padziko lonse unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020, makamaka poti mafakitale a ku China, amene amapanga oposa 80 peresenti ya mapanelo onse, anachulukitsa katundu. Chimene chimadya ndalama ndi batire, ndipo sichidya kamodzi.

Azakhali: Pamenepo mwalasa a msungichuma. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya ndithu. Ndinawagulira mayi panelo ndi batire kwa wogulitsa wina, osafunsa aliyense. Miyezi yoyamba tinkavina. Chaka chachiwiri chisanathe, magetsi ankazima tisanamalize n'komwe nkhani zamadzulo. Nditabwerera kwa wogulitsa uja anangoti batire ilibe galanti. Lero panelo ili padenga, yabwinobwino, koma mayi abwerera ku tochi.

Achimwene Amagetsi: Pepani azakhali. Ndifunse, batireyo inali yamtundu wanji, ndipo ankalumikizako chiyani?

Azakhali: Ija yolemera ngati yagalimoto. Zolumikiza ndiye musafunse, adzukulu ankaonera TV mpaka izime yokha.

Achimwene Amagetsi: Ndiye inafa imfa yodziwika. Batire ya mtundu umenewo, yotchedwa lead-acid, siyenera kutsitsidwa moto kupitirira theka. Mukamaikama mpaka kuuma tsiku lililonse, chaka chimodzi kapena ziwiri yatha. Ngakhale yosamalidwa bwino imakhala zaka 3 mpaka 5. Ya lithium, imene pabokosi amalemba LiFePO4, imalola kugwiritsa ntchito 80 kapena 90 peresenti ya moto wake ndipo imatha kufika zaka 10. Pogula ndi yodula, inde. Koma panelo yabwino imakhala zaka 25, mphamvu yake ikutsika ndi theka la peresenti lokha pachaka. Werengani nokha: pa moyo wa panelo imodzi mudzagula ya lead-acid kasanu kapena kupitirira, ya lithium kawiri kapena katatu. Inverter, kachipangizo kosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa magetsi a m'nyumba, nayonso mudzasintha, mwina pakatha zaka 10 mpaka 15.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, masamu ako ndawamva. Koma zaka 25 ukunenazo, mwa anthu tikuwagulirawa ndi angati adzazione?

Mlembi: Aphunzitsi musatitsanzike msanga, tikukufunanibe!

Achimwene Amagetsi: Nyumba imatsala bambo, ndipo adzukulu amene amawerengera pa kuwalako amatsalanso. Koma pena ndikugwirizana nanu: nyumba zambiri sizifuna sola yaikulu. Taonani. Panelo ya mawatsi 400 ikaombedwa ndi dzuwa lamphamvu maola 5 imapereka mayunitsi 2 papepala. Mukachotsa zotayika m'mawaya, mu batire ndi chifukwa cha kutentha, mumatsala ndi yuniti imodzi ndi theka. Mababu anayi a LED a mawatsi 7 akayaka maola 5 sadya ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a motowo. Foni ndiye n'zosawerengera. Chimene chimasintha zonse ndi firiji, imene payokha imatha kudya yuniti yathunthu patsiku. Simbi imakoka mawatsi 1,000, ketulo 2,000. Zotenthetsa zonsezi tiziiwale, apo ayi tigula inverter ndi mabatire oti thumba lathu silingakwanitse.

Mayi Namwino: Firijiyo musaitaye kutali achimwene. Pali makolo ena odwala shuga amene insulin wawo amafunika pozizira. Amenewo kwa ine ndi oyamba, ngakhale ena adandaule.

Msungichuma: Ndiye bwanji tigawe pawiri? Nyumba za odwala otere zilandire yaikulu yokhala ndi firiji, zina zonse yaing'ono ya mababu ndi foni, koma zonse za lithium. Chiwerengero cha nyumba chitsika, sindibisa. Ndipo gawo lina la ndalama lisagwiritsidwe ntchito, likhale la mabatire a m'tsogolo.

Aphunzitsi Opuma: Ndalama yongokhala m'thumba imeneyo ndi imene imamera miyendo.

Msungichuma: Buku lili poyera aphunzitsi, bwerani mudzaliwerenge tsiku lililonse mungafune.

Wapampando: Tadekhani akuluakulu.

Wachinyamata: Ndilowepo pang'ono makolo anga. Palibe amene watchula zoika. Panelo iyenera kuyang'ana kumene dzuwa limadutsa masana: kumpoto kwa okhala kumwera kwa equator, kumwera kwa okhala kumpoto. Mthunzi wa nthambi imodzi ukagwera pakona, mphamvu ya panelo yonse imagwa. Fumbi nalonso limafuna kupukuta. Ndani adzakwere padenga la agogo? Achimwene atiphunzitse anyamata atatu kapena anayi, tiziyendera nyumbazo mwezi uliwonse.

Achimwene Amagetsi: Kuphunzitsa ndavomera, ulele. Koma mawaya ndi mafyuzi ndiika ndekha. Waya wowonda pa batire amatentha mpaka kuyatsa nyumba, zimenezo sindisiyira wophunzira.

Azakhali: Nanga panelo ya mayi ija ingagwirenso?

Achimwene Amagetsi: Ndidzaiyeza ndi mita. Ikakhala yamoyo, mwatsala ndi kugula batire ndi charge controller, kachipangizo koyang'anira kutchaja kwa batire, basi.

Wapampando: Chabwino. A mlembi, pezani makoteshoni atatu, aliyense alembe mtundu wa batire ndi zaka za galanti. Amayi namwino mutipatse chiwerengero cha nyumba zofunika firiji, maina musalembe pano. Tivota Loweruka.

Aphunzitsi Opuma: Ndidzavota, koma mndandanda wa nyumba zotsala mukakaulengeze nokha a msungichuma. Ine ndidzakhala kumbuyo.