Kodi ndi thewera lansalu lotani lingasunge mkodzo usiku wonse?

Moni nonse, amayi ndi abambo. Ndili ndi mwana wamwamuna wa miyezi 9 amene amavala matewera ansalu. Masana sitivutika, koma usiku amadzuka cha m'ma 3 koloko zovala ndi zofunda zitanyowa, makamaka kutsogolo, chifukwa anayamba kudzitembenuza yekha n'kugona chafufumimba.

Poyamba ndinaphatikiza matewera awiri athonje, koma anakhuthala kwambiri moti kabudula wapulasitiki ankasiya mpata m'ntchafu, mkodzo n'kumatulukira pomwepo. Kenako ndinaika kansalu ka microfibre (nsalu ya timaulusi topyapyala kwambiri topangidwa kufakitale) m'kati mwa thewera, kamene kamayamwa msanga ndithu, koma mwana akakagonera kamatulutsa mkodzo ngati siponji yofinyidwa. Ndinasiyanso mankhwala ofewetsa zovala pochapa, popeza amalepheretsa nsalu kuyamwa madzi, ndipo zinasinthako pang'ono chabe. Kumusintha pakati pa usiku ndimazemba, chifukwa akangodzuka sagonanso mpaka kunja kucha.

Inu amene munayesapo, pakati pa nsalu yopangidwa kuchokera ku nsungwi ndi ya hemp (chomera cha m'gulu la chamba chimene amapangira ulusi), ndi iti imasunga mkodzo wochuluka osadontha? Nanga poziphatikiza ndi yathonje, ndi iti iyenera kukhudza khungu kuti mwana asatuluke totupa?