Kafukufuku wolipidwa wa ophunzira a m'makoleji a zaka ziwiri: tiyambire pati?

Mphunzitsi wa bayoloje, Indiana

Aphunzitsi anzanga a m'makoleji a zaka ziwiri kuno ku America, ndikupempha nzeru zanu. Mkulu wa dipatimenti yathu wandipatsa udindo wopezera ophunzira malo ochitira kafukufuku pa tchuthi chachitali cha chaka chamawa. Kafukufukuyo ayenera kukhala ndi katswiri wowatsogolera komanso malipiro, chifukwa ophunzira athu ambiri amadalira ntchito za m'masitolo ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo sangasiye ntchitozo kwa masabata 10 popanda choika m'thumba. Malabotale athu ndi ophunzitsira basi, ndipo ine ndimaphunzitsa makalasi asanu pa semesita monga ambiri a inu.

Ophunzira atatu ndiwo andiimitsa mutu. Woyamba ndi nzika ya dziko lino, wakhama zedi, koma akuti alibe choti alembe pa fomu popeza sanachitepo kafukufuku. Wachiwiri ali ndi green card, chilolezo chokhala m'dziko lino mpaka kalekale, koma ndi mayi wa mwana wamng'ono ndipo sangachoke m'tauni muno. Wachitatu ndi mnyamata wakwathu ku Malawi amene ali pa viza ya F-1, ya ophunzira ochokera kunja. Tili mu Novembala tsopano.

Mphunzitsi wa kemisitiri, Illinois

Achemwali, yambani ndi kalendala, chifukwa mwayi umene uli woyenera kwambiri ophunzira athu ndi umenenso umatsekedwa msanga. Ndikunena Community College Internships (CCI), pulogalamu ya Department of Energy, unduna woona za mphamvu, imene inakonzedwera ophunzira a m'makoleji ngati athuwa okha. Wophunzira amakhala masabata 10 m'labotale ya boma monga Argonne kapena Fermilab kuno ku Illinois, kapena Oak Ridge ku Tennessee, pansi pa wasayansi kapena injiniya wa pamalopo. M'zaka zapitazi malipiro akhala madola 650 pa sabata, kuphatikizapo thandizo la nyumba ndi ulendo kwa ochokera kutali. Mafomu a tchuthi chachitalicho amatsekedwa kumayambiriro kwa Januwale, pamene makoleji athu ali pa tchuthi cha Khirisimasi ndipo aphunzitsi satsegula maimelo, kotero makalata ochitira umboni ayenera kulembedwa semesita ino isanathe.

Kenako pali REU, pulogalamu ya kafukufuku wa ophunzira a digiri yoyamba ya National Science Foundation (NSF), bungwe la boma lopereka ndalama za sayansi. Pulogalamuyi inayamba mu 1987. Malo aliwonse amatenga ophunzira pafupifupi 10 kwa masabata 8 mpaka 10, ndipo malangizo a NSF amatchula madola pafupifupi 700 pa sabata. Ambiri amatseka mafomu mu Febuluwale ndi Malichi. Wophunzira apemphe malo angapo, makamaka chifukwa mu 2025 malo ena anaimitsa mapulogalamu awo ndalama za boma zitayamba kukayikitsa. Mapulogalamu onse awiriwa amafuna nzika kapena wokhala ndi green card.

Mlangizi wa ophunzira ochokera kunja, Maryland

Mayi, nkhani ya mnyamata wakwathuyo muichite mwapadera, ndipo musamutayitse nthawi ndi mafomu a REU ndi CCI, popeza ndalama zimenezo lamulo silimulola kulandira. Ngakhale Federal Work-Study, ndalama za boma zolipira ophunzira ogwira ntchito, si yake. Njira zimene ali nazo ndi ziwiri. Yoyamba ndi ntchito ya pasukulu pomwepo, imene viza ya F-1 imalola mpaka maola 20 pa sabata sukulu ikamayenda, ndiponso maola athunthu pa tchuthi; ngati koleji ingamulembe ntchito yothandiza pa kafukufuku wanu ndi ndalama zake kapena za thumba la anthu akufuna kwabwino limene makoleji ambiri ali nalo, palibe chilolezo china chofunika kuchokera ku boma. Yachiwiri ndi CPT, chilolezo chogwira ntchito yokhudzana ndi maphunziro ake kunja kwa sukulu yake, ngati pulofesa wa ku yunivesite ina angamutenge ndi ndalama zosamangidwa ndi lamulo la unzika. Pamenepo ayenera kukhala atatsiriza chaka chathunthu cha maphunziro, ntchitoyo ikhale gawo la maphunziro ake, ndipo chilolezo chilembedwe pa I-20 yake, chikalata cha sukulu chimene chimayendera limodzi ndi viza, asanayambe, osati atayamba kale. Ndikutsindika zimenezi chifukwa aphunzitsi okoma mtima nthawi zina amauza wophunzira kuti ayambe, mapepala atsatira pambuyo, ndipo kukoma mtima kotero kungamuwonongere viza.

Mphunzitsi wa kemisitiri, Illinois

Bambo mlangizi anena zoona. Ndiwonjezere za mayi wa mwana uja: si malo onse a REU amene amakakamiza kugona pa yunivesite. Fufuzani malo amene ali pafupi ndi inu, mulembere wotsogolera pulogalamuyo mwachindunji ndi kufunsa ngati wophunzira angamayendere kuchokera kunyumba. Funsani musanatumize fomu, popeza malo ena amafuna kuti gulu lonse likhale pamodzi.

Mphunzitsi wa pa yunivesite, Michigan

Ndakhala mbali inayo ya tebulo, yowerenga mafomu a REU, ndipo ndikufuna kutsutsa maganizo a wophunzira wanu woyamba. Malangizo a NSF amanena kuti theka kapena kuposerapo la otengedwa lichokere m'sukulu zimene mwayi wa kafukufuku ndi wochepa, ndipo makoleji a zaka ziwiri amatchulidwa mmenemo. Kusachitapo kafukufuku sikumulepheretsa. Iye ndi mmodzi mwa anthu amene tikuwafunafuna. Komanso amene akutsiriza koleji mu Meyi n'kusamukira ku yunivesite mu Ogasiti amaloledwa kutenga nawo mbali pa tchuthi cha pakatipo, chinthu chimene alangizi ambiri sauza ophunzira.

Chimene chimagwetsa ophunzira anu kawirikawiri ndi kalata ya mphunzitsi. Kalata yonena kuti wophunzira ndi waulemu, amabwera nthawi yake ndipo anakhoza ndi A sitithandiza, chifukwa makalata onse amatero. Tikufuna kumva zimene anachita zoyesa zitakanika: kodi anabwereza, kodi anafunsa funso lotani, kodi buku lake la labotale munthu wina angaliwerenge n'kutsatira? Ngati amagwira ntchito usiku n'kufika m'kalasi m'mawa, nenani, iye atavomera, popeza zimatifotokozera magiredi ake ndi kupirira kwake.

Mphunzitsi wa bayoloje, California

Achemwali, zonse zanenedwazi n'zabwino, koma zidzathandiza ophunzira awiri kapena atatu pa chaka, ndipo mkulu wanu adzabweranso ndi funso lomwelo. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno: labotale yophunzitsirayo ingasanduke yofufuzira. Mu SEA-PHAGES, pulogalamu ya Howard Hughes Medical Institute imene inayamba mu 2008 ndipo mbali ya sayansi imatsogoleredwa ndi Graham Hatfull wa ku University of Pittsburgh, ophunzira amatapa dothi, amapatulamo mavairasi ogwira mabakiteriya, amawapatsa mayina, ndipo semesita yachiwiri amasanthula majini ake pa kompyuta. Tiny Earth, imene anayambitsa Jo Handelsman, imagwiritsanso ntchito dothi pofunafuna mabakiteriya otulutsa mankhwala opha mabakiteriya anzawo. Zipangizo zake zambiri muli nazo kale m'kalasi ya maikulobayoloje.

Mphunzitsi wa bayoloje, Indiana

Ndathokoza, achemwali, koma kalasi siilipira wophunzira, ndipo ine ndatumidwa kupeza kafukufuku wolipidwa.

Mphunzitsi wa bayoloje, California

Siilipira, n'zoona, koma siimulandanso malipiro, chifukwa kafukufukuyo amachitika m'maola a kalasi imene akanalowa kale, ndipo amene amalandira Pell Grant, thandizo la boma kwa ophunzira ovutika, amalipirira nayo monga kalasi ina iliyonse. Kuchokera m'kalasi imeneyo mudzapeza zinthu zenizeni zolemba m'makalata amene bambo a ku Michigan akufuna. Komanso kalasi yotere imafuna wothandiza wokonza mbale za mabakiteriya ndi kusamalira zosungidwa, ndipo ntchito imeneyo ndi ya pasukulu, yomwe mnyamata wa F-1 angalipidwe nayo mwalamulo. Chenjezo langa ndi limodzi: musavomere kuchita zimenezi pamwamba pa makalasi asanu. Pemphani kuti akuchotsereni kalasi imodzi, ndipo pempholo likhale m'kalata yomweyo yopempha ndalama.

Mphunzitsi wa bayoloje, Indiana

Ndamva, ndipo dongosolo langa lili motere. Wophunzira woyamba adzaza fomu ya CCI tisanatseke mu Disembala, kenako REU zingapo mu Januwale. Sabata ino ndilembera mayunivesite amene mayi wa mwana uja angafikeko pa galimoto tsiku ndi tsiku. Kwa mkulu wa dipatimenti ndipereka pempho limodzi lokhala ndi zinthu zitatu: kuyamba Tiny Earth m'kalasi ya maikulobayoloje chaka chamawa, malipiro a wothandiza mmodzi, ndi kundichotsera kalasi. Bambo mlangizi, kodi mnyamatayo ndimutumize kwa ndani choyamba?

Mlangizi wa ophunzira ochokera kunja, Maryland

Kwa DSO, mkulu woona za ophunzira ochokera kunja wa pakoleji panu, amene amasainira I-20 yake, ndipo apite ndi pepala lofotokoza ntchitoyo, maola ake ndi kumene ndalama zichokere. Ngati alibe nambala ya Social Security, imene boma limapereka kwa ogwira ntchito, adzafunika kalata ya womulemba ntchito ndi ya DSO kuti akaipemphe, choncho yambani msanga kuti malipiro ake oyamba asachedwe.