Mayi anga ayamba zilonda chifukwa chogona, ndiwasamale bwanji?

Abale, ndigawireniko nzeru. Mayi anga ali ndi shuga komanso BP, ndipo chidwalireni sitiroko mbali yakumanzere siigwira ntchito, amangokhala chogona. Tsopano m'munsi mwa msana ndi pachidendene khungu lada, layamba kusupuka. Anamwino anati tiziwatembenuza maola 2 alionse, koma usiku ndimakhala ndekha, ndipo mayiwo ndi athupi ndithu. Inu mumatembenuza bwanji wodwala osamupweteka phewa lofookalo? Pachilondapo ndizitsuka ndi madzi amchere, kapena ndisakhudzepo?

Chinanso, nsima akukana, amangolawa phala la mgaiwa, masupuni angapo basi. Mankhwala a shuga a metformin ndiziwapatsabe ngakhale sanadye mokwanira? Azakhali akuti ndiwapatse thobwa apezeko mphamvu, koma ine ndikuopa kuti shuga akwera.