Spitfire ikungozungulira pansi, ikakwera injini nkuzima, thandizeni akuluakulu

Watsopano: Akuluakulu muli bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto landisowetsa tulo sabata yonseyi. Ndayamba kuphunzira ndege ya nkhondo ya Spitfire Mk IX mu DCS, gemu ya pa kompyuta yoyendetsa ndege, ndipo Loweruka likubwerali mwati tiuluke limodzi ngati gulu, koma ine mpaka pano sindikutha ngakhale kuifikitsa pa runway. Kuliza injini ndikutha bwinobwino, koma ndikangoti ndisunthe imayenda pang'ono kenako mphuno nkuyamba kuthawira kumanzere, ndikapotokola stick kumanja palibe chimachitika, kenako mwadzidzidzi imazungulira yonse phiko nkukhula pansi. Ndikagwira buleki imagwada chamutu pulopela nkuthyoka. Kawiri konse ndinayambira pa runway pomwe, ndinakwera ndithu, koma pasanathe mphindi khumi injini inayamba kutsokomola, utsi, nkuzima. Ndili ndi joystick yopotokola ija, mapedo opondera rudder (chiwongolero cha kumchira) ndilibe. Ndikulakwitsa pati?

Wa 109: Achimwene popanda mapedo ndege za tayala lakumchira mudzavutika nazo, ine ndinalimbana nazo miyezi ingapo mpaka ndinagula mapedo kuno ku Joni nde zinatheka. Sungani ndalama mugule basi.

Mkulu wa gulu: Ayi amwene tisamuthamangitsire kusitolo munthu tisanaone chavuta nchiyani. Mapedo amathandiza inde koma tilipo angapo muno amene timayendetsa Spitfire ndi stick yopotokola. A Watsopano, mukakhala mu cockpit dinani RCtrl ndi Enter, kabwera kabokosi kofiira kosonyeza pamene stick, rudder ndi throttle (chopatsira injini moto) zili. Musagwire chilichonse, mungoyang'ana, mutiuze ngati rudder yakhala pakati phee kapena ikunjenjemera. Mutiuzenso buleki munaiika pa batani kapena pa axis.

Makaniko: Podikira zimenezo ndifotokoze chifukwa chake imazungulira, poti munthu ukamvetsa ichi manja amayamba kuchita okha. Ndege ngati Cessna ili ndi tayala kutsogolo, kulemera kwake kuli patsogolo pa matayala akuluakulu, nde ikapatuka pang'ono imadziwongola yokha. Spitfire ndi zosemphana, kulemera kuli kumbuyo kwa matayala akuluakulu, nde mchira ukangoyamba kupita kumbali kulemera konse kumaukankhabe kuti upitirire mpaka mchira ufike kumene kunali mphuno. Ndiponso katayala kakumchira ka Spitfire kalibe loko, kamangotembenuka kokha ngati ka trolley ya mu shopu, simungakawongolere. Onjezani kuti matayala ake ndi oyandikana kwambiri. Tsono rudder ndi chiphepheru chabe, imafuna mphepo, ndege ikamayenda ngati munthu wapansi injini ili pa idle mphepo yomenya rudder ndi yochepa, nchifukwa chake mukuona ngati sikumva. Chowongolera chenicheni pansi ndi mabuleki, ndipo a Spitfire ndi a mpweya, chogwirira chake chili pa stick osati kuphazi. Mukafinya rudder ili pakati, mpweya umapita matayala onse mofanana. Mukafinya rudder ili kumanja, wambiri umapita tayala lakumanja ndege nkukhotera kumanja. Pali geji ya mivi itatu, umodzi ndi mpweya wa mu thanki, iwiriyo ndi tayala lililonse, muziiyang'ana mukuyeserera ndege itaima muone mmene mpweya ukugawikira.

Watsopano: Eee bwana ndayang'ana kabokosi kaja, rudder sili pakati, yapendekera kumanzere pang'ono ndipo ikudumphadumpha ndisanagwire kanthu. Buleki ili pa W pa kiyibodi, ndimadina nkugwiritsa mpaka iime.

Mkulu wa gulu: Ndimaganiza choncho. Pa kompyutapo palinso china cholumikizidwa, padi ya magemu kapena chiwongolero cha galimoto?

Watsopano: Ilipo padi ya mwana wanga, imakhala yolumikiza nthawi zonse amaseweretsa mpira.

Mkulu wa gulu: Ndi imeneyo. Lowani mu Controls, musankhe Spitfire, mupite pa Axis Commands, muona kuti pitch, roll, rudder ndi throttle zaikidwa pa zipangizo zonse ziwiri, nde padiyo ikulimbana ndi dzanja lanu. Fufutani zonse za mu mzere wa padi, kapena muziizula musanayambe. Mukatero pa rudder ya joystick yanu lowani Axis Tune muike deadzone pang'ono, 3 kapena 5, ndi curvature cha mma 20 kuti pakatipo pasamalumphe. Manambalawa ndi mmene ndimakondera ine, inu mudzasintha mukazolowera. Buleki muichotse pa kiyibodi muiike pa batani lomwe chala chimafika dzanja lili pa stick, chifukwa muzifunika kupotokola ndi kudina nthawi imodzi.

Achemwali a Mustang: Ndipo musamagwiritse batanilo achimwene, batani silidziwa pang'ono, likadinidwa ndi mpweya wonse, nde muzingoligogoda, dii dii kusiya, dii kusiya. Stick muikokere pamimba nthawi yonse mukuyenda pansi kuti mphepo ya pulopela izipanikiza mchira pansi. Liwiro likhale la munthu woyenda mofulumira basi. Chimene chinandithandiza ine kwambiri ndi kuyamba kubweza kukhota kusanathe, mukafuna kukhotera kumanja mwapatsa rudder ndi kabuleki, mphuno ikangoyamba kuyenda inu yambani kale kupatsa kumanzere, mukadikira kuti ifike pomwe mukufuna nde mwachedwa yapitirira. Ndipo kutsogolo simuona chifukwa cha mphuno yaitali ija, muziyenda mokhotakhota ngati njoka, kusuzumira mbali iyi kenako iyo. Ndinapitako ku Duxford kuno ku UK tsiku lachionetsero, ma Spitfire enieni amayenda choncho kumene pa udzu paja, ndinaima nkumangoyang'ana rudder ikugwedezeka osapuma.

Makaniko: Nkhani yogwada chamutuyi si ya mu gemu mokha ayi. Nthawi ya nkhondo kukakhala mphepo yambiri kapena pansi pofewa, wina wa amakaniko amakhala pamchira ndege ikamapita ku runway kuti usadzuke. Mu 1945 ku bwalo la ndege za nkhondo la RAF Hibaldstow ku England mayi wina wa WAAF (gulu la amayi othandiza asilikali a ndege), Margaret Horton, anakhala pamchira wa Spitfire AB910 ndipo woyendetsa ananyamuka iye asanatsike, anazungulira naye mmwamba atakakamira mchirawo mpaka anatera ali moyo. Ndege imeneyo ilipo mpaka lero ku Battle of Britain Memorial Flight, gulu la RAF losunga ndege zakale za nkhondo. Ife amakaniko nkhani imeneyi imatikhudza, nchifukwa chake sitilola ndege kusuntha tisanaonane maso ndi woyendetsa.

Tsopano za injini. Mutiuze mukanyamuka throttle ndi chogwirira cha RPM (kuzungulira kwa injini pa mphindi) mumazisiya pati, ndipo mumatha nthawi yaitali bwanji pansi injini ikulira.

Watsopano: Throttle ndimakankha mpaka kumapeto nkuisiya pomwepo kuti ndikwere msanga. Ulendo wachiwiri ndinaona kuti ikulira kwambiri nde ndinabweza RPM kuti ipume koma throttle sindinaigwire. Pansi ndimatha mwina mphindi khumi ndikuwerenga checklist pa foni.

Makaniko: Apo nde mwaipha kawiri achimwene, koma musadandaule ndi mmene ambiri amayambira. Injini ya Spitfire yanuyi, Merlin 66, ili ndi malire ake olembedwa. Throttle kumapeto ndi boost (mphamvu ya mpweya wokankhidwira mu injini) +18 pa 3000 RPM, imeneyo ndi ya pankhondo, mphindi 5 zokha. Pokwera ndi +12 pa 2850 RPM osapitirira ola limodzi. Youluka nayo nthawi yonse ndi +7 pa 2650 RPM. Ponyamuka simufunika +18, +7 imakwana, ndipo mukamakankha pang'onopang'ono ndegeyo sikukokerani kumanzere mwankhanza, poti pulopela ya Merlin imakokera kumanzere nde trim ya rudder, yomwe imaisunga rudder yopendekera mbali imodzi, muipititse kumanja musanayambe kuthamanga. Chimene munachita ulendo wachiwiri nchoopsa kuposa choyamba, kubweza RPM boost ili pamwamba kuli ngati kukwera chitunda ndi lole yodzaza pa giya yaikulu phazi lili pansi, injini imagogoda mkati mafuta akuphulika nthawi isanakwane, mapisitoni ndi mabering'i nkutha. Nde lamulo lake, mukafuna mphamvu yambani RPM kenako throttle, mukafuna kuchepetsa yambani throttle kenako RPM.

Za kutentha, musanyamuke oyilo asanafike madigiri Celsius 15 ndi madzi a mu ladiyeta asanafike 60, koma zikangofika musachedwenso, maladiyeta a Spitfire ali pansi pa mapiko ndipo ndege itaima mphepo yolowamo ndi yochepa, imawira msanga. Checklist muziwerenga injini isanalire. Pokwera madzi asapitirire 125 ndi oyilo 90, mukaona mivi ikuthamangira kumeneko tsitsani mphuno liwiro likwere mphepo ilowe, osamangoikoka ngati mukukwera makwerero. Mukatera kwezani ma flap nthawi yomweyo chifukwa amatchinga mphepo ya maladiyeta.

Wa 109: Chabwino ndavomera za padizo sindinaziganize. Koma ndinenebe kuti Bf 109, ndege ya nkhondo ya ku Germany, ili ndi loko ya tayala lakumchira ndi mabuleki a kuphazi, tsiku lomwe adzaifune imeneyo mapedo adzafunika ndithu.

Achemwali a Mustang: Zoona koma imeneyo ndi ya mtsogolo. Ngati Spitfire ikukanabe pofika Lachinayi yeserani TF-51D, Mustang yophunzirira, ndi yaulere imabwera ndi gemu, matayala ake ndi otalikirana ndipo mukakokera stick kumbuyo tayala lakumchira limalowa loko nkumatsatira rudder madigiri 6 mbali iliyonse, mukakankha stick kutsogolo nde limamasuka. Imakuphunzitsani kumva mchira popanda kukulangani kwambiri. Komanso mu Options pa Special pali Takeoff Assistance ndi Auto Rudder, muone zili bwanji, ine ndimati muzizimitse kuyambira pano chifukwa mukazolowera nazo mudzaphunziranso kachiwiri.

Watsopano: Akuluakulu ndabwerako. Ndafufuta za padi zija, rudder yakhala pakati phee. Ndatha ola lathunthu osanyamuka, kungoyenda pa taxiway kupita ndi kubwerera ndikugogoda buleki, ndazungulira kawiri kokha koyambirira, pulopela sinathyoke olo kamodzi. Kenako ndanyamuka pa +7, ndakwera pa +12 ndi 2850, pamwamba ndabweza throttle kaye kenako RPM mpaka 2650, ndauluka mphindi 40 injini ili bwinobwino madzi osafika ndi 105 pomwe. Potera nde yadumpha katatu ndipo kumapeto kwenikweni liwiro litatsika yandizungulira kumanja, phiko lakhudza pansi pang'ono.

Mkulu wa gulu: Mwagwira ntchito achimwene. Kuzungulira kwa kumapetoko nkoti munamasuka msanga, liwiro likamatsika rudder imasiya kumva nde pamenepo mpofunika kabuleki kaja, stick ili pamimba mpaka ndege iime. Lachisanu 8 koloko usiku ndikhala pa seva, mubwere tichite ma landing okhaokha ine ndikuonerani kumbali, mutumizenso track (fayilo yojambula ulendo wanu) ya lero a Makaniko aone mageji. Loweruka mukhala nambala 2 wanga.